ZA MANJA ATHU: Ngodya Ikakana Kutseka

Nkhani ya mwezi uno tabwera nayo kucokera kwa Mphamba, m'boma la Lundazi, dziko la Atumbuka odziwika ndi mwambo wa Kulonga wothokoza pa zokolola. Tinakhala kumeneko masiku angapo anthu atatha kukolola, nkhokwe ziri zodzaza, ndipo ndalama za thonje ndi nshawa zitayamba kulowa m'matumba. Imeneyo ndiyo nyengo imene mmisiri wa matabwa sagona tulo, pakuti aliyense afuna citseko, tebulo, kabati, kapena felemu ya cithunzi ca ukwati.

Makolo athu sanavutikepo ndi ngodya. Nyumba yao inali yozungulira, nkhokwe yozungulira, mtondo ndi mpando ankasema pa mtengo umodzi popanda columikiza. Ife ana ao tinasankha nyumba za makona ndi katundu wa matabwa oceka, ndipo posankha zimenezi tinadzisankhiranso masamu ake. Paliponse pamene matabwa awiri akumana mokhota pali mafunso awiri oyenera kuyankhidwa maceka asanakhudze thabwa: kodi tidule mopendeka motani, nanga tidule pati?

Tebulo limene linasanduka mpando

Pa msasa wina m'mbali mwa mseu tinapeza mnyamata atagwira m'mutu. Mai wina, mphunzitsi wopuma pa nchito, anamupatsa thabwa la mlombwa louma bwino kuti apange tebulo la mbali zisanu ndi imodzi, mphatso ya mwana wao wamkazi amene anali pafupi kukwatiwa. M'mphepete mwa tebulolo munayenera kuzungulira mkombero wa zidutswa zisanu ndi cimodzi, ciriconse mamilimita 400 m'litali ndi 60 m'lifupi.

Masamu a ku sukulu mnyamatayo anali kuwakumbukira. Anadziwa kuti ngodya iriyonse ya cinthu ca mbali zisanu ndi imodzi zolingana iri ndi madigiri 120, ndi kuti theka lake ndi 60. Mpaka apa sanalakwe. Koma anajambula mzera wa sikweya pa thabwa, nayamba kuwerenga madigiri 60 kucokera pa mzerawo, m'malo mowerenga kucokera m'mphepete mwa thabwa. Anadula zidutswa zonse nthawi imodzi, osayamba wayesa ngakhale ziwiri. Pozilumikiza, zidutswa zitatu zinatsekana zokha n'kupanga cinthu ca ngodya zitatu, zitatu zinazo ziri gone pambali.

Mkulu wina wa msasa woyandikana nao, amene wakalambira pa nchito yomweyi, anabwera, nayang'ana, napukusa mutu.

"Mwana wanga, kodi unayamba wajambula pansi?"

"Iyai adada, ndinawerengera m'mutu."

"Pepala limalola kufufuta, mwana wanga. Thabwa silola."

Anayesa kupulumutsa zimene zinatsala. Mbali ya m'kati ya cidutswa ciriconse inali itatsala mamilimita 192 okha, ndipo atadulanso mopendeka moyenera, mbali ya kunja inatsika kucoka pa 400 kufika pa 261. Tebulo limene linayenera kukhala mamilimita 800 kucoka pa nsonga kufika pa nsonga inzake linasanduka kampando ka mamilimita 522. Mnyamatayo anakagula thabwa lina ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo ukwati unacitika mphatso isanathe.

Wina angati, "Ndi thabwa cabe." Koma mlombwa, umene ena auchula mukwa, ndi mtengo wokula pang'onopang'ono, wofuna zaka makumi angapo kuti upereke thabwa lalikulu. Lamulo la nkhalango la m'caka ca 2015 lifuna cilolezo kwa iye wodula mitengo ya malonda. M'caka ca 2019 pangano la maiko lochedwa CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene ziri pangozi yakutha, linaika mtengo wa mukula pa mndandanda wa zinthu zosagulitsidwa kunja popanda cilolezo, ndipo pa msonkhano wa ku Panama m'caka ca 2022 mlombwa ndi mbawa za muno mu Africa zinalowanso pa mndandandawo. Motero thabwa liri lonse lotayika pa msasa ndi ndalama ya banja, ndiponso ndi mtengo wina umene udzagwa ku nkhalango kuti ulowe m'malo mwake.

Theka la ngodya

Amisiri ali ndi kadulidwe kopendeka ka mitundu iwiri. Pali kudula mopendeketsa pa nkhope ya thabwa, monga tionera pa makona a felemu ya cithunzi; kumeneku amati maita. Palinso kudula kapena kupala mopendeketsa m'kucindikala kwa thabwa, monga pa makona a bokosi pamene sitifuna kuti mutu wa thabwa uonekere. Kumeneku amati bevo. Maina ndi awiri, koma masamu ake ndi amodzi: matabwa awiri olingana akakumana pa ngodya, liri lonse litenga theka la ngodyayo.

Ambiri a ife tinazolowera kumva kuti "dula 45", mpaka tinayesa kuti 45 ndi lamulo losasinthika. Iyai, 45 ndi theka cabe la 90, ndipo igwira nchito pokhapo pamene ngodya iri ya sikweya. Ngodya ikasintha, theka lake lisinthanso.

Tsono msampha umene unakola mnyamata uja ndi uwu: madigiri angathe kuwerengedwa kucokera malo awiri. Tingawerenge kucokera m'mphepete mwa thabwa, kapena kucokera pa mzera wa sikweya umene udutsa thabwa molunjika. Manambala awiriwa tikawaphatikiza apanga 90 nthawi zonse. Pa ngodya ya sikweya onse awiri ndi 45, n'cifukwa cake palibe asokonezeka. Koma pa tebulo la mbali zisanu ndi imodzi, kucokera m'mphepete ndi 60, kucokera pa mzera wa sikweya ndi 30. Makina odulira a magetsi amene ayamba kuoneka m'misasa ya m'matauni awerenga kucokera pa mzera wa sikweya, pakuti pa makinawo 0 atanthauza kudula molunjika. M'nkhani ino ifenso tiziwerenga kucokera pa mzera wa sikweya.

Njira yacidule yopezera nambala imeneyi ndi kugawa 180 ndi ciwerengero ca mbali. Mbali zinai zipereka 45, mbali zisanu 36, mbali zisanu ndi imodzi 30, mbali zisanu ndi zitatu 22.5, ndipo mbali zitatu zipereka 60. Mwaona tsopano cimene cinacitika kwa Mphamba: mnyamata anadula molondola ndithu, koma anadulira cinthu ca mbali zitatu.

Popanda coyezera madigiri

Kacipangizo koyezera madigiri ka m'bokosi la masamu la ana a sukulu ndi kakang'ono, ndipo kulakwa kwa kamzera kamodzi pa iko kumakula pa thabwa lalikulu. Rula ndi sikweya zikwanira, ndiponso zinena zoona koposa. Jambulani mzera wa sikweya pa thabwa la mamilimita 100 m'lifupi. M'mphepete mwa mbali imodzi yezani kucokera pa mzerawo, muike cizindikiro, kenaka mulumikize cizindikiroco ndi phazi la mzera wa sikweya ku mbali inayo. Mukayeza mamilimita 100 mupeza madigiri 45. Mukayeza 73 mupeza 36. Mukayeza 58 mupeza 30. Mukayeza 41 mupeza 22.5. Thabwa likakhala la mamilimita 50, manambala onsewa muwagawe pakati. Amene anafika ku sekondale azindikira kuti awa ndi manambala a tan: 1, 0.727, 0.577 ndi 0.414. Alembeni pa khoma la msasa, sadzasintha.

Ndi manambala omwewa mungapange bokosi lodulira, lija la matabwa atatu okhomedwa ngati ngalande, lokhala ndi mipata yotsogolera maceka. Ngati bokosilo ndi mamilimita 120 m'lifupi kuyeza kunja, mpata wa 45 upendeke mamilimita 120, ndipo wa 30 upendeke mamilimita 69.

Koma yambani mwaiyesa sikweya yeniyeniyo, pakuti sikweya imene inagwapo pa simenti imanama. Igunditseni m'mphepete moongoka mwa thabwa, jambulani mzera, itembenuzeni kuti cogwirira ciloze mbali ina, mujambulenso pa malo omwewo. Mizera iwiriyo ikagona pamodzi, sikweya iri bwino. Ikatasa ngati mphanda, sikweyayo yakhala ikukunamizani pa nchito iriyonse.

Nanga tidule pati?

Kupendeka kukapezeka, funso laciwiri ndi la utali. Cidutswa codulidwa mopendeka ku mitu yonse iwiri ciri ndi utali uwiri, wa kunja ndi wa m'kati, ndipo mkangano wambiri pakati pa mmisiri ndi mwini katundu ucokera pa kusamvana kuti muyeso unali wa mbali iti. Pa 45, mbali ya kunja iposa ya m'kati ndi kawiri ka m'lifupi mwa thabwa. Pa kupendeka kwina kulikonse, kawiri ka m'lifupiko tikaculukitsa ndi nambala ya pa khoma ija. Pa tebulo la mai mphunzitsi, kawiri ka 60 ndi 120, ndipo 120 kuculukitsa ndi 0.577 ndi 69. Motero kunja kukakhala 400, m'kati muyenera kukhala 331. Mnyamata uja akanayeza m'kati mwa cidutswa coyamba n'kupeza 192, akanaleka pomwepo, zidutswa zisanu ziri zamoyo.

Titenge citsanzo ca felemu. Galasi ndi mamilimita 200 kwa 300. Matabwa ndi mamilimita 50 m'lifupi, ndipo kumbuyo kwao tasema kangalande ka mamilimita 10 kokhalamo galasi. Coyamba tionjeza mamilimita 2 ku mbali iriyonse ya muyeso kuti galasi lilowe mosakakamiza: 202 kwa 302. Galasi silifika m'mphepete mwa kunja, ndiponso silithera m'mphepete mwa m'kati, likhala m'kangalande. Kucoka pothera kangalande kufika kunja kwa thabwa patsala mamilimita 40. Kawiri ka 40 ndi 80. Tsono zidutswa zazifupi zikhala 282 kunja, zazitali 382. Zonse zinai pamodzi zifuna mamilimita 1,328, ndipo wanzeru agula mita imodzi ndi theka, pakuti maceka nao amadya gawo lao. Dulani nthawi zonse ku mbali yotaya ya mzera, mzera wa pensulo utsale pa cidutswa canu.

Kulakwa kocepa kumabala ana

Felemu ya mbali zinai iri ndi malo odula asanu ndi atatu. Bokosi lodulira likalakwa digiri imodzi yokha, ngodya iriyonse ilakwa madigiri awiri, ndipo pa thabwa la mamilimita 50 mpata wake ukhala pafupifupi mamilimita awiri ndi theka, wokwanira kuonekera kwa munthu woima pakhomo. Mukaumiriza ngodya zitatu kuti zitseke, kulakwa konse kwa madigiri asanu ndi atatu kudzaunjikana pa ngodya yotsiriza. Utuci wosakaniza ndi guluu ubisa mpata wotere masiku ocepa cabe.

Palinso cilema cina cimene ambiri amanamizira madigiri. Ngati mbali ziwiri zopenyana zisiyana utali, ngakhale ndi milimita imodzi, ngodya sizitseka cinkana madigiri onse ali olondola. Cifukwa cake gundanitsani zidutswa zopenyanazo msana ndi msana, muone ngati nsonga zao zilingana, kapena khomani kathabwa koimitsira m'bokosi lodulira kuti zonse zigunde pa malo amodzi. Mukamanga felemu, yezani mopingasa kucoka pa ngodya ina kufika pa ngodya yopenyana nayo, kenaka mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikalingana, felemu iri pa sikweya.

Pa zinthu zazikulu, monga felemu ya citseko, pali njira yakale ya 3, 4 ndi 5. Yezani masentimita 60 ku mbali imodzi ndi 80 ku mbali inayo. Pakati pa zizindikiro ziwirizo payenera kukhala masentimita 100 ndendende. Ku sukulu lamuloli lidziwika ndi dzina la Pythagoras wa ku Samos, koma alembi a ku Babulo anali kulemba manambala otere pa mapale a dothi zaka zoposa cikwi iye asanabadwe.

Khoma silidziwa 90

Nyumba zathu zambiri zinamangidwa ndi njerwa zoumba pa manja, ndipo ngodya zake siziri za sikweya. Mmisiri amene akhoma timatabwa ta m'munsi mwa khoma kapena ta m'mphepete mwa siling'i, akadula 45 cifukwa ca cizolowezi, adzapeza mpata pa kona iriyonse. Ngodya ikakhala 94, theka lake ndi 47 kucokera m'mphepete, ndiye kuti 43 kucokera pa mzera wa sikweya.

Apa sipafunika kudziwa nambala konse. Tengani kacidutswa ka thabwa, mukagoneke pansi motsamira khoma loyamba, mujambule mzera m'mphepete mwake. Kagonekeni motsamira khoma laciwiri, mujambulenso. Mzera wocoka pa kona ya khoma kufika pamene mizera iwiriyo yadutsana ndiwo wogawa ngodya pakati. Utengeni ndi sikweya yopinda, ija ya lilime losuntha, muusamutsire pa thabwa. Ngakhale pepala lingathandize: lidulidwe kuti lilowe bwino m'kona, lipindidwe pakati, ndipo mzera wopindawo ndiwo kadulidwe kanu. Euclid wa ku Alexandria analemba za kugawa ngodya pakati zaka pafupifupi 300 Kristu asanabadwe, ndipo njira yake inali ya rula ndi kampasi basi.

Kujambula kotereku kutipulumutsanso pamene matabwa awiri asiyana m'lifupi. Thabwa la mamilimita 50 likakumana ndi la 100 pa ngodya ya sikweya, lamulo la theka silithandiza. Mzera woyenera ucoka pa kona ya kunja kufika pa kona ya m'kati, ndipo ugawa ngodyayo kukhala madigiri 26.6 ndi 63.4. Wojambula pansi aupeza mzerawu popanda kuwerenga.

Bokosi la maliro

Bevo, tanena kale, ndi masamu omwewo, kungoti m'malo mwa m'lifupi tiwerenga kucindikala. Bokosi la matabwa a mamilimita 20 lofunika mamilimita 400 m'kati likhala 440 kunja.

Palibe nchito imene imayesa mmisiri wa kumudzi koposa bokosi la maliro. Uthenga ufika madzulo, bokosi lifunika m'mawa, anthu ali kudikira, ndipo matabwa anagulidwa ndi ndalama zosonkha. Bokosi lotambalala pa mapewa liri ndi mbali zisanu ndi imodzi, koma ngodya zake sizilingana, cotero 30 ija sigwira nchito pano. Tiyerekeze bokosi la masentimita 190 m'litali, 40 kumutu, 56 pa mapewa, 32 kumiyendo, mapewa ali masentimita 50 kucoka kumutu. Ngodya za kumutu zikhala madigiri 99, za pa mapewa 166, za kumiyendo 95. Mukaphatikiza zonse zisanu ndi imodzi mupeza 720, monga ziyenera kukhalira pa cinthu ciriconse ca mbali zisanu ndi imodzi. Mukapeza nambala ina, mwalakwa penapake. Pa thabwa locindikala mamilimita 20, mitu yokumana pa mapewa ipendeke mamilimita awiri ndi theka okha, ya kumutu 17, ya kumiyendo 18.

Kodi usiku wa maliro ndiyo nthawi yowerengera zimenezi pa kuwala kwa toci? Iyai. Amisiri ozindikira amadula pansi pa bokosi poyamba, namatenga ngodya zonse pa thabwa la pansilo ndi sikweya yopinda. Ena amasunga zidutswa zitatu zacitsanzo, zolembedwa "mutu", "mapewa", "miyendo", zokonzedwa tsiku la mtendere. Bokosi lotseka bwino ndi ulemu wotsiriza kwa malemu, ndipo banja losweka mtima siliyenera kuona mipata yotsekedwa ndi nsanza.

Mng'oma ndi denga

Alimi ambiri a m'cigawo cino, ena mwa iwo polimbikitsidwa ndi bungwe la COMACO, asunga njuci m'ming'oma ya matabwa yotambalala pamwamba ndi yopapatiza pansi. Ngati mbali za mng'oma zipendekera kunja madigiri 30, m'mphepete mwa pamwamba ndi mwa pansi mwa thabwa liri lonse muyenera kupalidwa madigiri 30 omwewo, ndiye kuti mamilimita 11 ndi theka pa thabwa la mamilimita 20. Mukapanda kutero, timitengo ta pamwamba tikhala pa msonga ya thabwa, mipata itsala, ndipo nyerere zipeza khomo. Timitengoto tikhale mamilimita 32 m'lifupi, pakuti njuci za kuno zimanga zisa zao motalikirana motero.

Denga nalonso ndi ngodya yogawidwa pakati. Nyumba ikakhala mamita 6 m'lifupi, phaso liri lonse liyenda mamita atatu kufika pakati. Tikafuna kuti msonga ya denga ikwere mita imodzi, phasolo likhala mamita 3.16, kusawerengera gawo lotulukira kunja kwa khoma, ndipo mutu wake wa pamwamba upendeka madigiri 18.4. Palibe cifukwa cofunafuna 18.4 pa coyezera. Kukwera ndi gawo limodzi pa magawo atatu a kuyenda, cotero pa thabwa la mamilimita 150 m'lifupi yezani 50 kucokera pa mzera wa sikweya. Dulani mapaso awiri oyamba, muwayese pansi, ndipo akakumana bwino, limodzi likhale citsanzo cojambulira onse otsala.

Pamene maita ndi bevo zikumana

Nchito yovuta koposa ndi ya bokosi limene mbali zake zonse zinai zipendekera kunja, monga thireyi yoperekera tiyi kapena modyeramo ziweto. Pano thabwa lidulidwa mopendeka pa nkhope ndi m'kucindikala nthawi imodzi, ndipo 45 isoweratu. Mbali zikapendekera madigiri 10, pa nkhope tidula pafupifupi madigiri 10, m'kucindikala 44. Zikapendekera 15, pa nkhope ndi 14.5, m'kucindikala 43. Zikapendekera 30, pa nkhope ndi 26.6, m'kucindikala 37.8. Onani kuti kupendeka kwa pa nkhope kucepa pang'ono poyerekeza ndi kupendekera kwa mbali, ndipo iye amene ayesa kuti ziwirizi n'zolingana adzaona mpata.

Amisiri akale anali ndi njira yosafuna manambala. Ankatenga cipika cocindikala, napala mbali zake ziwiri zoyandikana mopendekera monga momwe bokosi lidzakhalire. Cipikaco cikhala ngati m'kati mwa kona ya bokosi, ndipo ngodya zonse zitengedwa pa ico ndi sikweya yopinda. Katoni yakale yodulidwa ndi kumatidwa ingacitenso cimodzimodzi.

Thabwa limapuma

Tisatsirize tisanachule mdani wina amene sacokera ku masamu. Thabwa likamauma limanyala m'lifupi, koma m'litali silisintha kwenikweni. Felemu yopangidwa ndi matabwa aawisi m'mwezi wa February, mvula iri mkati, idzatseguka makona ku mbali ya m'kati dzuwa la October likafika. Yopangidwa m'cilimwe ingatseguke ku nsonga za kunja cinyezi cikabwerera. Thabwa likakula m'lifupi, mpata ukulanso. Mlombwa ukondedwa mwa zina cifukwa sunyala kwambiri, pamene bulugamu wosauma bwino amapotoka ndi kung'ambika. Matabwa aume pa mthunzi, osanjikidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo idutse, nchito isanayambe.

Dziwaninso kuti mutu wa thabwa umamwa guluu ngati mcenga, cotero kona ya guluu yekha ndi yofooka. Pakani kawiri, koyamba kuti thabwa likhute, kaciwiri kuti ligwire. Kenaka limbitsani ndi timisomali, kapena cekani kampata kodutsa nsonga ya kona, mulowetsemo kathabwa kopyapyala kopakidwa guluu.

Mau otsiriza

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zonse zimene takamba pano zikwana pa nchito ya mphindi zocepa: kujambula cinthuco pa kukula kwake kwenikweni, pa simenti, pa katoni kapena kumbuyo kwa citseko cakale, kudula zidutswa zoyesera pa matabwa otaya, ndipo pokhapo zitatseka, kukhudza thabwa la mwini wake. Inu acinyamata amene muphunzira nchitoyi, musacite manyazi kufunsa akulu a pa msasa woyandikana nanu, pakuti safunsa anadya phula. Inu akulu, musabise nzeru poopa kulandidwa msika; mmisiri mmodzi akaononga nchito, anthu amanyoza amisiri a mudzi wonse. Ndipo ife amene tipereka nchito tinene momveka ngati muyeso wathu ndi wa m'kati kapena wa kunja, ndiponso tisamufulumize munthu amene tamupeza atagwada pansi ndi coko m'manja. Iyeyo wayamba kale nchito.

Tisananyamuke kwa Mphamba tinadutsanso pa msasa uja. Pa simenti panali pojambulidwa ndi coko: msomali pakati, mkombero wozunguliridwa ndi cingwe ca mamilimita 400, ndi zizindikiro zisanu ndi cimodzi zopezedwa poyendetsa cingwe comweco m'mphepete mwa mkombero, pakuti mbali ya cinthu cotere ilingana ndi mtunda wocoka pakati kufika pa nsonga. Pamwamba pa mizerayo panagona zidutswa zisanu ndi cimodzi za paini wotaya, zitatsekana bwino. Thabwa latsopano la mlombwa linali citsamire pa khoma, lisanakhudzidwe. Kampando kaja mnyamatayo sanakagulitse; akhalapo yekha pogwira nchito.

Mwezi wa mawa tidzakamba za kanoledwe ka maceka ndi chizulo, pakuti mzera wolondola sungatsatidwe ndi cida cobuntha.